Maola Asanu ndi Awiri ku Kotor

Ndinayamba mu Febuluwale, mvula ikugogoda pazenera ku Ghent,
mapu ali patebulo, kapu ya khofi itapsinja theka la Italy.
Wouter ankasenda mbatata. Ine ndinkawerenga maola
ngati munthu wowerenga chenji pamaso pa wogulitsa.

Sitima imakocheza mmawa, imanyamuka faifi koloko,
ndipo siidikira munthu, ngakhale waimvi.
Izi ndinazilemba ndi inki yofiira, kawiri.

Naples: basi ya kampani ndi yodula,
sitima yapamtunda ndi yotchipa koma imadzaza,
ku Pompeii mthunzi ndi wosowa, tisaiwale zipewa.
Valletta: pali chikepe chokwezera anthu kumtunda, bondo lake lipumeko.
Padoko lililonse ndinapatula mphindi makumi anayi za tsoka,
poti tsoka silinunkha.
M'thumba la jekete yake ndinasokereramo kansalu:
dzina lake, dzina la sitima, nambala ya chipinda, dzina langa.
Adokotala anati kuiwalaku kumabwera pang'onopang'ono.
Ine ndinati ndiye tipite chaka chomwe chino.

Tsiku lachisanu, Kotor.
Mapiri anatiweramira ngati akufuna kuona zimene tanyamula.
Pepala langa linkati: masitepe opitirira chikwi,
ife tikalekezere pa katchalitchi ka pakati,
kutsika leveni koloko, tchizi pamsika,
boti lopita kukachilumba wani koloko.

Sitinaponde ngakhale sitepe imodzi.
Kuseri kwa chipata, pakabwalo kopanda dzina pamapu anga,
bambo wina anali atagadamitsa njinga, tcheni chili pansi,
amphaka atatu akumuyang'anira ntchito.
Wouter anaima. Ndinamukoka mkono. Anaima nji.
Zaka makumi atatu ndi zinayi anakonza njinga za anthu,
dzulo lake anandifunsa kawiri dzina la mdzukulu wathu,
koma apa manja ake anapempha sipanala asanapereke moni.

Mwini njinga anadziloza pachifuwa: Vuksan.
Chilankhulo chogawana analibe. Anagawana girisi.

Teni koloko inadutsa. Leveni.
Ndinakhala pamwala wozizira, mtima ukuwira,
mayuro a matikiti a boti akundiluma m'chikwama.
Kumtunda ndinkaona anzathu a patebulo, tinthu tating'ono,
akukwera khoma mondondozana ngati nyerere zovala zipewa.
Wouter anazunguza gudumu, khutu pafupi ndi masipoko,
kumvetsera pamene likudwala.
Ankaimba mluzu. Mluzu umenewo ndinaumva komaliza liti?

Wani koloko mayi wina anatsika ndi khofi wowawa m'timakapu,
nkhuyu zouma zisanu pambale.
Stanka, anatero. Anayang'ana pepala langa, mizere yake, mabokosi ake,
anayang'ana manja akuda a mwamuna wanga,
kenaka anandiyang'ana ine.
Ndinang'amba pepalalo pakati.
Naples ndi Valletta anapukuta zala khumi.
Chidutswa cha inki yofiira ndinachisunga.
Ndine Griet, sindinapenge.

Folo koloko ndinamudzutsa, bondo likulira ngati chitseko.
Vuksan anazungulira bwalo kawiri, belu ngili ngili,
amphaka balala.

Madzulo patebulo anatizungulizira mafoni:
madenga ofiira, nyanja yopindika ngati chigongono,
sitima yathu pansipo ngati sopo m'beseni.
Nanga inu munaona chiyani?
Ndinatsegula pakamwa, koma Wouter ananditsogola:
gudumu lakumbuyo linali lokhota, masipoko anayi omasuka,
mwini wake ndi Vuksan, munthu wabwino koma amathira girisi wambiri.
Dzinalo analitchula osapunthwa.

Iye wagona tsopano, kuzikhadabo kukadali kwakuda.
Injini ikunjenjemeretsa madzi m'tambula.
Mawa ndi Dubrovnik, ndinalipira kale zokwera khoma.
Ndatsegula mapu pansi pa kanyale,
chala chikuyenda m'tinjira ta kuseri,
kumene mabasi a alendo sakhota.
Mapu awa sanena kumene njinga zimathyokera.